Makina a Tsiku la Alendo

Telala anamupeza atagona chafufumimba pakati pa shopu yake, ndodo yake yoyendera imodzi ili kunsi kwa tebulo, inayo pakhomo. Mvula inali itangokata kumene. Sajeni wa polisi atalowa, chinamuchingamira ndi fungo la nsalu yopserera.

Simbi yositira inali pansi, chivundikiro chake chili yasa, makala atamwazika mpaka kukhoma. Ena anagwera pa yunifolomu ya sukulu imene malemuyo ankasita, n'kuiboola ngati sefa. Kunkhongo kwa telala kunali bala lofanana ndi mphuno ya simbiyo.

Anthu amene anaunjikana panja ankati ndi mbava. Sajeni anayang'ana uku ndi uku. Foni ya malemu inali m'thumba la malaya. Nsalu za makasitomala zinali pashelefu, zopindidwa bwinobwino. Makina ake akale osokera anali pawindo, singano ikadali m'kolala ya malaya a munthu wina. Koma pakona panali zipsera zinayi pasimenti, pamene panaima miyendo ya chinthu cholemera, ndi mkwasa wa chinthucho chikukokedwa kupita kukhomo.

Mwana wa telala, mtsikana wamkulu ndithu, anakhala pakhonde atafumbata magalasi a bambo ake. Sankalira. Ankangoyang'ana madzi akudontha padenga.

"Chasowa n'chiyani muno, chemwali?" anafunsa Sajeni.

"Makina."

"Makina si awa ali pawindowa?"

"Amenewo ndi awoawo. Ine ndikunena a gulu."

Anafotokoza mwachidule, mawu ake ali gwa. Bambo ake anali m'gulu la atelala olumala. Gululo linalandira thandizo kuchokera kubungwe lina la m'tauni kuti ligule makina atsopano. Makinawo anthu ankawaona, inde, koma pa tsiku la alendo lokha. Kukamabwera oyendera, galimoto inkawatula dzulo lake. Alendo akajambula zithunzi n'kuchoka, galimoto ija inkabweranso, ati makina akupita kukakonzedwa.

"Makina atsopano kumangodwala ngati khanda," anatero mtsikanayo. "Ulendo uno bambo anakana. Analemba ganyu munthu wa wilibala, n'kubweretsa amodzi kuno. Ankati akufuna awaonetse a Theka."

"A Theka ndi ndani?"

"Mayi wa kubungweko, amene amaunika magulu. Anali muno m'mawa, ndinawaona ndi maso angawa. Iwo kuchoka, mvula kugwa, ine kubwera ndi chakudya, bambo ndi awo ali apowo." Anatembenuka n'kumuyang'ana Sajeni m'maso. "Kawafunseni kuti anakauza ndani."

* * *

M'mawa mwake Sajeni anapita ku ofesi ya bungwe, pamwamba pa sitolo ya matayala. Aliyense anali ndi chipinda chake ndi dzina pachitseko, kupatula mayi mmodzi amene tebulo lake analiika m'khonde la m'kati, pakati pa makina ochulukitsira mapepala ndi chitseko cha chimbudzi. Anali wochepa thupi, maso ofiira ngati sanagone.

"Ndinu a Theka?"

"Amanditchula choncho. Ndimagwira theka la tsiku, malipiro theka, ndiye anati dzinanso likhale lomwelo." Sanamwetulire. "Khalani pansi, a Sajeni. Pepani, mpando ndi womwewo, umapendekeka."

"Ntchito yanu n'chiyani kwenikweni?"

"Magulu akapempha thandizo, ine ndimawerenga zopempha zawo, n'kuona ngati zimene akunena zikumveka. Akalandira, ndimapita kukaona ngati agula zimene analonjeza. Ndikanena kuti zili bwino, amalandira gawo lachiwiri. Ndikanena kuti ayi, mpopi umatsekedwa. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro ndimaweruka, n'kupita kukaphunzitsa masamu kusukulu ya anthu akuluakulu. Dzulonso ndinali komweko, ophunzira anga angakuuzeni."

"Telala anakuonetsani chiyani?"

"Chopondera cha makina aja chinali chothyoka, iwo n'kuchimanga ndi waya wa kopa. Anachimanga chaka chatha, pa ulendo wanga woyamba. Anandiuza kuti, mayi, makina awa sagona kuno, taonani waya wanga wachita dzimbiri la kunyumba za eni. Ine mutu unazungulira, chifukwa wayayo ndinkamudziwa. Mwezi watha ndinakayendera gulu la amayi amasiye kutsidya kwa njanji. Ndinakhala pamakina ena kuti ndiwayese, waya n'kundikola siketi, kuing'amba m'munsi. Waya yemweyo, mapotedwe omwewo."

"Ndiye kuti makina ndi amodzi, magulu ndi ambiri."

"Magulu atatu amene ndikuwadziwa ine. Lililonse linalandira ndalama zogulira akeake. Ndipo onsewo ndinawavomereza ndine."

"Simunapiteko mwadzidzidzi n'kamodzi komwe?"

"Ndipita bwanji? Wa theka alibe galimoto. Ndimapereka mayina a magulu kwa mkulu wa zakumadera, iwo ndiwo amasankha tsiku ndi kundipatsa dalaivala. Ndipo masana ine kuno kulibe. Galimoto ikamapita kuti dzuwa likapendeka, sindidziwa."

Sajeni anasendeza mpando pafupi. "Mutachoka kwa telala, munauza ndani?"

"Palibe."

Yankholo linatuluka funso lisanathe n'komwe.

"Nkhani yotentha chonchi, inu n'kuisunga m'kamwa?"

"Ndimafuna ndiyambe ndalemba lipoti."

Sajeni anaimirira, n'kulunjika ku ofesi ya mkulu wa zakumadera.

* * *

Mkulu wa zakumadera anali bambo wonenepa bwino, wa mawu ofewa ngati wolimbikitsa odwala. Anaimirira mwaulemu Sajeni atalowa, koma dzanja sanapereke.

"Mundikhululukire, achimwene, chimfine chandigwira. Ndisakupatsireni."

Kunkatentha, koma iye anavala jekete, dzanja lamanja lili m'thumba. Kapu ya tiyi ankainyamula ndi lamanzere, ikugwedezeka pasosala.

"Zachisoni kwambiri," anatero. "Mkulu uja anali mzati wa gulu lawo. Ife ngati bungwe tigula bokosi, ndanena kale. Dziko laipa, achimwene, anthu akupha munthu wolumala chifukwa cha makina."

"Ndani wakuuzani kuti kwabedwa makina?"

"Aa, nkhani zimayenda. Mafoniwa."

"Dzulo masana munali kuti?"

"Kumsonkhano, kuhotela ya pafupi ndi bwalo la mpira. Tinali ndi anthu amene amatipatsa thandizo, kuyambira nkhomaliro mpaka dzuwa kulowa. Anthu odzaza holo anandiona ndikulankhula."

"Nanga galimoto ya bungwe?"

"Kugalaja. Ikuvuta kutentha injini. Dalaivala anakaisiya atangobwera ndi a Theka."

"A Theka akuti makina amene amawaona m'magulu ndi amodzimodzi."

Mkuluyo anapumira m'mwamba, n'kupukusa mutu mwachifundo. "Mayi uja ndi wakhama, sindikana. Koma ndi munthu wotopa. Mwamuna wake anamwalira, ali ndi mwana, ntchito ziwiri. Munthu wotere amayamba kuona zinthu. Makina osokera onse amafanana, akuda, ali ndi gudumu. Musamuvutitse kwambiri, chonde. Akangomva mabwana akuluakulu kuti apolisi akumufunsafunsa, wa theka savuta kumuchotsa."

"Dzanjalo nalonso lagwidwa chimfine?"

Anaseka, koma kusekako kunathera pamano. Anatulutsa dzanja pang'ono. Linali lokulungidwa bandeji kuyambira m'zala mpaka pamkono, mokulunga mwaluso.

"Radiyeta. Ndinatsegula chitsekerero injini ikadali yotentha. Uchitsiru wanga."

Sajeni anadzera kuhotela kuja. Woperekera zakudya anamukumbukira bwino mkuluyo, chifukwa anasiya mbale yodzaza nyama osaikhudza. Analankhuladi koyambirira kwa msonkhano, anatero, koma mvula itayamba mpando wake unali wopanda munthu. Anatulukiranso anthu akuomba m'manja motsekera, buluku litanyowa mpaka m'mawondo.

* * *

Kugalaja, galimoto ya bungwe inali panja, zitseko zonse zili pululu. Kamunthu kakafupi kovala yunifolomu ya dalaivala kanagwada kumbuyo, kakukwecha kapeti ndi burashi.

Makaniko anatuluka kunsi kwa lole akupukuta manja. "Iyo? Yabwera lero m'mawa. Dzulo sinaponde pano. Ndipo ilibe vuto lililonse, angopempha madzi ndi sopo."

"Akuti ikutentha injini. Radiyeta inawotcha munthu."

"Radiyeta iti?" Makaniko anatsegula boneti n'kuloza. "Taonani fumbi lili pachitsekereropo. Chimenechi ndinachitseka ndine, ndipo chitsekereni palibe wachigwira."

Dalaivala anali atasiya kukwecha. Anaimirira akuseka mwamantha, burashi ikudontha.

"Bwana Sajeni! Mwaswera bwanji, bwana? Ine ndikungochapa, ukhondo basi. Galimoto ili ngati mkazi, ukapanda kuisamala imakuthawa."

Sajeni anawerama n'kununkhiza kapetiyo. Pansi pa fungo la sopo panali kafungo kena kopepuka, kosakhala ka injini.

"Oilo wa makina osokera ameneyu."

"Aa, bwana, mphuno yanu ndi ya boma, ine ndingatsutse bwanji?"

"Munthu wafa, a dalaivala. Galimoto yake ndi iyi, woyendetsa wake ndinu. Bwana wanu akuti makiyi anali ndi inu. Mukufuna museke pano kapena mukasekere kwa woweruza?"

Kuseka kuja kunazima. Dalaivala anakhala pabampala, burashi n'kugwa pansi.

"Ine ndimangonyamula, bwana. Akati katenge makina uku ukatule uko, ine ndimanyamula. Masana, a Theka akaweruka. Amandipatsa kangachepe ka sopo. Sindinafunsepo, munthu wa ana safunsa. Koma dzulo ayi! Dzulo ndikulumbira. Mkazi wanga anali kuchipatala, wachira mwana wamwamuna, anamwino onse anandiona ndikuzungulira pakhonde ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinapempha bwana kuti ndichoke, iwo anati siya makiyi patebulo. M'mawa uno ndapeza mipando yakumbuyo yopindidwa, matope, oilo. Akuti kachape, ndipo wina akafunsa unene kuti inagona kugalaja."

"Anadziwa bwanji kuti telala wasunga makina? Munawauza ndinu?"

"Ine ndinatsala m'galimoto, bwana, sindinalowe m'shopu. A Theka anatuluka nkhope itagwa, njira yonse osalankhula. Titafika anakwera masitepe mothamanga, molunjika kwa alamu awo."

"Kwa ndani?"

Dalaivala anaphethira. "Simukudziwa? Bwana ndi mkulu wake wa malemu amuna awo. Mimba imodzi."

* * *

Sajeni anawapeza a Theka kusukulu ya akuluakulu ija, m'kalasi mopanda anthu, akufufuta bolodi. Ophunzira anali asanafike. Atamuona pakhomo, anaika chofufutira pansi, n'kukhala pabenchi.

"Mwamva," anatero.

"Ndamva kwa dalaivala. Ndikanakonda kumva kwa inu."

Mayiyo anayang'ana choko chimene chinali m'manja mwake.

"Amuna anga atamwalira, abale onse anabwera kudzagawana katundu. Mabedi, wailesi, ngakhale mapoto. Amene anaima pakhomo n'kuwabweza ndi alamu angawo. Nyumba imene ndikukhala ndi yawo. Ntchito ya theka imeneyi anandipezera ndi iwo, anachita kukangana ndi mabwana kuti andilembe. Ndinkati ndi chifundo." Anaseka pang'ono, mowawa. "Kani ankafuna munthu wa maso a m'mawa okhaokha. Woti akaona kanthu, ayambe wathamangira kwa iwo."

"Ndipo munathamangiradi."

"Ndinalowa osagogoda n'komwe. Ndinati alamu, kuli akuba, makina akuzungulira m'magulu, telala wasunga amodzi kushopu kwake ngati umboni. Ndinkayesa akwiya nawo akubawo. Anandigwira paphewa, akuti mwachita bwino mlamu, musauze wina aliyense, zisiyeni m'manja mwanga." Anatembenukira kwa Sajeni. "Ndinawalozera njira ndine, a Sajeni. Ndinachita kuwauza kuti shopu yake ndi ya chitseko chobiriwira."

"Bandeji ija anamanga ndani? Si ya kuchipatala, koma womanga wake ndi wodziwa."

Anatseka maso. "Ndinaphunzira podwazika amuna anga. Alamu anabwera kunyumba dzulo chakumadzulo, dzanja atalikulunga mpango, matuza okhaokha. Akuti radiyeta. Ndinawakhazika pampando, ndinatenga madzi ndi thonje. Ndikutsuka, ndinkachotsa tinthu takuda tomatirira pachilonda. Ndinatiika m'sosala. Timakala. Ndinadzifunsa kuti kodi m'radiyeta mumakhala makala? Koma ndinamanga, iwo anathokoza, anaseweretsa mwana, n'kumapita. Atangotuluka, foni inalira. Anali mwana wa telala."

"N'chifukwa chiyani simunandiuze m'mawa?"

"Chitseko chawo chinali chotsegula. Tebulo langa lija, munthu akatsokomola iwo amamva." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, choko n'kumupaka patsaya. "Komanso ndinkapempha Mulungu kuti ndikhale ndikulakwitsa. Sosala ija ndinaibisa pamwamba pa kabati. Sindinaitsuke."

"Zimenezi mukazinena pamaso pa woweruza? Iwo ali pomwepo akukuyang'anani?"

"Apongozi anga adzanditemberera. Nyumba ndituluka. Bungwe likamva kuti ndinavomereza magulu atatu opanda makina, ntchito yathera pomwepo." Anaika choko pabenchi. "Telala uja anakwawa pansi kuti andionetse wayayo, miyendo yake ija. Anati, mayi, inu ndiye mwatsala. Ndikanena."

Kunja belu la sukulu ya ana ya tsidya lina la msewu linalira. A Theka anadzidzimuka, n'kuimirira, nkhope itasintha.

"Mwana wanga."

"Watani?"

"Ine masana ndimakhala kuno. Amene amakamutenga kusukulu ndi alamu. Tsiku lililonse."

* * *

Sajeni anayendetsa galimoto ya polisi mosasamala maenje, kulunjika kusukulu ya mwanayo kumbali ina ya tauni. A Theka anagwira chitseko ndi manja awiri, milomo ikuyenda popanda mawu. Foni ya alamu awo inkangoitana osayankhidwa.

Pageti la sukulu ya mwanayo anthu anali atachepa kale. Panatsala ogulitsa maswiti akulongedza, ndi galimoto yaing'ono yotuwa pansi pa mtengo. A Theka anatsika galimoto isanaime bwino.

Mkulu wa zakumadera anali atakhala m'galimotomo, pampando wakutsogolo, chitseko chili chotsegula, jekete atavula. Pampando wa pambali pake panali kamtsikana ka yunifolomu, kakunyambita ayisikilimu amene ankayenderera m'zala. Injini inali yozima. Bamboyo anawaona akubwera, ndipo sanasunthe.

"Amayi!" anakuwa mwanayo. "Abambo aakulu andigulira wamkulu lero!"

"Tsika, mwanawe. Bwera kuno."

Mwanayo anayang'ana abambo ake aakuluwo. Iwo anamukonza kolala ndi dzanja lamanzere, n'kumutsegulira chitseko. "Pita kwa amayi ako. Usaiwale chikwama."

A Theka anamukumbatira mwanayo mwamphamvu mpaka ayisikilimu anagwa pansi.

"Makaniko anandiimbira," anatero mkuluyo kwa Sajeni, mawu ofewa aja atauma. "Ndikanatha kuthawa. Koma mwanayu akanaima pageti yekha." Kenako anatembenukira kwa mayiyo. "Munkaganiza kuti ndamutenga kuti ndimutani, mlamu? Magazi a mng'ono wanga?"

Mayiyo anakokera mwanayo kumbuyo kwake.

"Makina ali kuti?" anafunsa Sajeni.

"Kunyumba, m'chipinda cha nkhuku. Enawo ali m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika." Anayang'ana bandeji yake. "Ndinapita kukawatenga basi. Ndinamuuza kuti atchule mtengo. Iye anakumbatira mwendo wa makina, osausiya, akukuwa kuti wakuba, wakuba. Mvula inkasokosa padenga, koma ndinkaona ngati tauni yonse ikumva. Simbi inali pafupi."

"Tulukani, mutembenuke."

Unyolo unakana kutseka pa dzanja la bandeji, moti Sajeni anachita kumanga lamanzere lokha n'kugwira mkono winawo. Ogulitsa maswiti anasiya kulongedza. Akudutsa pafupi ndi a Theka, mkuluyo anaima.

"Zaka zonsezi mwadya za makina omwewo, mlamu. Fizi ya mwanayu, malata a nyumba ija. Mukamakanena kukhoti, mukanene ndi zimenezo."

"Ndikanena," anatero a Theka. "Ndikayambira pomwepo."

Sajeni anamulowetsa kumbuyo n'kutseka chitseko. Atasuzumira pagalasi, anaona mayi uja atagwada pafumbi, akupukuta zala za mwana wake ndi mpango, chala chimodzichimodzi. Mwanayo sankayang'ana amayi ake. Ankayang'ana galimoto ya polisi.

"Amayi, abambo aakulu akupita kuti? Nanga mawa adzanditenga ndani?"

"Ndidzabwera ndine," anatero a Theka. "Kuyambira mawa ndizikhala ndi nthawi yambiri."